Botolo la madzi a Mudi pa windo la azakhali

Bukuli ndinaligula pa depoti ya Lilongwe kwa mnyamata amene amayala mabuku akale pa chiguduli, pambali pa ogulitsa machaja a foni. Chikuto chake chinali chitathothoka kale, masamba atafiira ngati fodya wa m'chigafa. Ndinalitenga chifukwa chotchipa basi, komanso poti ulendo wa ku Blantyre kudzera Dedza, Ntcheu mpaka Zalewa ndi wa makilomita opitirira 300, ndipo batire la foni yanga silifika ndi pa Tsangano pomwe.

Ndi nthano ya m'Chingerezi, ya ku America. Mwini nkhani ndi katswiri woyeza madzi amene anachotsedwa ntchito pa fakitale ina chifukwa cholongolola. Munthu wake ndi wamwano, waulesi pa zochapa, ngongole mbwee, koma mphuno yake siphonya. Usiku amayenda m'mphepete mwa doko ndi timabotolo, kutunga madzi pa mapaipi amene eni mafakitale amalumbira kuti kulibe. Pamene ndinayamba kuseka mokweza ndi pomwe mkuluyu anathira utoto wobiriwira mu ngalande ina kuti aone komwe utulukire, utotowo n'kukatumphukira pa kasupe wokongoletsa khomo la likulu la kampani, tsiku lomwe akuluakulu ankalandira mphoto yosamalira chilengedwe.

Mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi analephera kupirira. "Achimwene, tigawireniko. Chikukusekesani n'chiyani?"

"Ndi nkhani ya poizoni wa mu mtsinje, mayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kusendeza chikwama chawo. Sitinalankhulanenso mpaka pa Lunzu.

Mayiwo sanalakwe. Poizoni wa mu mtsinje si choseketsa. Bukuli limakumbutsa za ku Minamata ku Japan, komwe mu 1956 madokotala anatulukira matenda achilendo pakati pa mabanja a asodzi. Amphaka ankazungulirazungulira ngati amisala n'kugwera m'nyanja, anthu manja kunjenjemera, maso kuchita chidima. Gwero lake linali mankhwala a poizoni otchedwa mercury amene fakitale inkatayira m'madzi, n'kulowa mu nsomba, nsombazo n'kulowa mu mphika. Limakambanso za mankhwala otchedwa PCB amene ankaikidwa m'mafuta a matiransifoma akale, amene saola ndipo amaunjikana m'mafuta a m'thupi, mpaka mayiko anagwirizana zowathetsa pa pangano la ku Stockholm mu 2001. Zinthu zimenezi ndikanazimva pa msonkhano wa mu hotela, wa ma alawansi uja, bwenzi ndikusinza pofika nthawi ya tiyi. Apa ndinazimeza osazindikira chifukwa ndinkafuna kudziwa ngati mkulu wamwanoyu apulumuke kwa anyamata amene amuthamangitsa pa boti.

Tikuwoloka Shire pa Zalewa ndinatsitsa buku kuti ndione madzi. Anthu ambiri a mu Blantyre amamwa mtsinje umenewu. Madzi amapopedwa pa Walker's Ferry n'kukwezedwa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kukafika mu mzinda, n'chifukwa chake magetsi akavuta mipopi nayo imayamba kutsokomola. Mzinda wokhala pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, mitsinje ikudutsa pakati pake, koma madzi akumwa kukatenga kutali chonchi.

Pa Wenela anandichingamira msuweni wanga, mnyamata wokonza mafiriji amene amakhala ndi azakhali ku Ndirande. Chimene ndinapitira ku Blantyre chinali chinkhoswe, ndipo chinayenda bwino, mbale zinaperekedwa, nkhuku inagawidwa. Za izo ndidzalemba tsiku lina.

M'mawa mwake ndinamuuza msuweni kuti ndikufuna kukaona mtsinje wa Mudi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Asuweni, anthu akabwera kuno amakaona tchalitchi cha St Michael and All Angels, amakajambulitsa pa Mandala. Inu mukufuna Mudi? Mudi saona, amanunkhiza."

Tchalitchicho tinadutsapo ndithu, cha njerwa zofiira chija amishoni a ku Scotland anamanga pakati pa 1888 ndi 1891, ndipo n'chokongoladi. Koma ine mtima unali kumunsi, ku msika wa Blantyre, komwe mtsinje umadutsa. Fungo linatipeza tisanauone. Si fungo limodzi ayi. Pansi pali la suweji, pamwamba pake pali lina lowawa pakhosi ngati la mankhwala ochapira m'chimbudzi, ndiye n'kusakanikira ndi utsi wa chiwaya cha tchipisi chapafupi. Madzi ake ndi otuwa ngati otsukira mbale za pa ukwati, thovu litaunjikana pa miyala osaphwa. Majumbo akoleka pa muzu uliwonse, abuluu, akuda, oyera, ngati wina wayanika dala. Ndinakumbuka kuti boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, kale mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Jumbo ya mu Mudi nkhani ya kukhotiyo sinaimve.

Chimene chinandigwira mtima si uve. Ndi anthu. Bambo wina anali atapinda buluku, ali m'madzi mpaka m'mawondo, akutsuka nsapato za pa kaunjika ndi burashi, kuzindandalika pa mwala kuti ziume zikagulitsidwe. Zala za kumapazi kwake zinali zoyererako, zosuwa. Ndinamupatsa moni n'kufunsa ngati madziwo samuyabwa.

"Bwana, madzi awa ndi abwino," anatero osatukula mutu. "Sopo ali kale momwemo. Timangobwera ndi burashi."

Anzake onse anafa nacho chiseko, ine ndemwe. Msuweni anawonjezera kuti anthu a kuno safuna kalendala, amangoyang'ana mtundu wa madzi n'kudziwa kuti lero ndi lachingati ndipo ndi makina ati akugwira ntchito kumtunda. Apa m'pamene ndinazindikira chifukwa chake buku lija linandikoka. Mlembi wake sanapeke nthabwala kuti akometsere nkhani yowawa. Anthu okhala pafupi ndi paipi amalankhula choncho kale, ku America ngakhale pa Mudi. Amene amalankhula za "kuteteza chilengedwe" nkhope ili gwa nthawi zambiri ndi amene nyumba yake ili kutali ndi fungo.

Tsono buku likakulowa umachita zopusa. Ndinagula madzi a m'botolo, kumwa onse, n'kumuuza msuweni kuti tilondole mtsinje chokwera. Mudi amachokera ku phiri la Ndirande, lomwe mitengo yake inatha kalekale, ndipo kumtundako kuli damu limene limathandizira madzi a mu mzinda. Akatsika m'pamene amadutsa dera la mafakitale la Makata. Tinakwera kabaza, kenako wapansi, kudutsa m'timinda ta mpiru ndi chinangwa cha anthu m'mbali mwa madzi, kulambalala mipanda ya njerwa yokhala ndi waya pamwamba. Kuseri kwa mpanda wina tinapeza chimene ndinkafuna: paipi yaikulu ngati ntchafu, yobisika mu udzu, ikulavula madzi ofunda, a mtundu wa tiyi wamkaka. Udzu wa pansi pake unali utapsa.

Mu buku, apa mkulu uja amatunga madzi mwaukatswiri n'kuzemba. Ine ndinaponda mwala wa ndere, mwendo wamanzere n'kulowa m'matope akuda mpaka pa katumba. Nsapato ya chinkhoswe. Ndikulimbana kuizula, tinangomva, "Eee! Mukutani kumeneko?" Mlonda wachikulire, chibonga m'manja, chipewa chachikulu kuposa mutu.

"Tikungoona mtsinje, madala," anatero msuweni.

"Mtsinje amaonera pa mlatho. Ndinu a nyuzi? Kapena a boma?"

Nditamuuza kuti ndine mlendo chabe wochokera ku Lilongwe, nkhope yake inamasuka. Anati akanakhala a boma akanadziwiratu, chifukwa iwo akamabwera paipiyo imakhala itapuma kuyambira dzulo lake. Anandibwereka kansalu kopukutira mwendo, n'kundilangiza kuti ndikasambe ndi sopo msanga. Botolo lija, lomwe ndinali nditatungiramo kale madzi, analiona ndithu, koma anayang'ana kumbali.

Malamulo alipo, musaganize kuti kulibe. Pali lamulo loona za chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo kutaya zonyansa za fakitale mu mtsinje osazisefa ndi mlandu. Koma kuti munthu atsutse fakitale pamafunika labotale, pepala la zotsatira ndi loya. Mkulu wa mu buku anali ndi mnzake wa pa yunivesite womuyezera ulere pakati pa usiku. Ine ndinali ndi botolo, nsapato imodzi yonunkha ndi tikiti ya basi ya mawa lake.

Botololo ndinaliika pa windo kwa azakhali. Pofika madzulo zinthu zinali zitadikha: pansi matope akuda okwana chala, pakati madzi achikasu, pamwamba kamafuta konyezimira. Ndinakhala pa khonde kumaliza masamba otsala, mwendo ukuyabwa pang'ono, ndipo mutu womaliza ndinapeza kuti unathothoka limodzi ndi chikuto chakumbuyo. Mkulu uja ndinamusiya ali pansi pa mlatho, apolisi kutsogolo, anyamata a kampani kumbuyo.

M'bandakucha ndikulongedza, botolo palibe. Azakhali anali akusesa pabwalo.

"Azakhali, botolo linali apa mwaliona?"

"Ndataya kuchimbudzi," anatero, tsache lili m'manja. "Ndipo undiuze bwinobwino, mwana wa achimwene anga. Sing'anga amene wakupatsa zimene zija ndi wa kuti, ndipo ukufuna kukhwimira ndani?"