Tinakaona mmene tintchentche ta pa nthochi timafunsirana

Gulu lathu la aphunzitsi a Biology, lili pa ulendo wokaphunzira kwa anzathu ku Britain, linapatsidwa tsiku lokacheza ku labotale ina ya pa yunivesite ku London. Kumeneko amaweta tintchentche tija timaunjikana pa nthochi yakupsa kwambiri, totchedwa Drosophila melanogaster. Si zija zimaboola mango ali mumtengo ayi, zimenezo n'zazikulupo ndipo ndi mtundu wina.

Chipinda chonse chinkanunkha yisiti, poti chakudya chake amaphika ndi ufa wa chimanga, shuga ndi yisiti n'kuthira m'tibotolo. Kukatentha madigiri 25, dzira limasanduka ntchentche m'masiku pafupifupi 10. Mayi amene ankatitsogolera anagoneka tina ndi mpweya wa carbon dioxide, n'kutipatsa kaburashi kuti tipatule tamuna pa maikulosikopu. Kamuna n'kakuda kumapeto kwa mimba, ndipo pamiyendo yakutsogolo kali ndi timinga tondandalika ngati chipeso.

Ataika kamuna ndi kakazi kosakwereredwapo m'kambale kagalasi, tonse tinangoti kakasi. Kamuna kanalondola kakazi, kanakagunda ndi mwendo, kenako kanatambasula phiko limodzi n'kumalinjenjemeretsa. Imeneyo ndiye nyimbo yake. Kakazi kanaima, ndipo tinakwerana kwa mphindi zoposa 15. M'kambale kena munali kakazi komwe kanakumana ndi kamuna dzulo lake. Kumeneko nyimbo sinaphule kanthu: kankathawa, kankaponda, osalola n'komwe.

Mnzathu wina wachikulire anafunsa kuti, "Kodi mayi, kakaziko kakudziwa bwanji kuti kanakwereredwa kale?"

Yankho lake ndi lomwe ndinalikonda pa ulendo wonse. Mu umuna wa kamuna muli kapuloteni kakang'ono ka ma amino acid (tizidutswa topanga mapuloteni) 36, kotchedwa sex peptide, komwe gulu la wasayansi Eric Kubli ku Zürich, m'dziko la Switzerland, linakafotokoza mu 1988. Kamamatirira kumichira ya mbewu ya kamuna yomwe kakazi kasunga m'thupi, n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa pafupifupi sabata. Mitsempha ya m'njira ya mazira ikakamva, ubongo umasintha ndipo kakazi kamayamba kukana. Kapuloteni komweko kamachititsa tiziwalo ta pafupi ndi ubongo, totchedwa corpora allata, kutulutsa yambiri homoni yotchedwa juvenile hormone, yomwe imakhwimitsa mazira. Homoni ina, ecdysone, imene imalamulira kufundula pa nthawi ya mphutsi, imakweranso m'thumba la mazira. Matumbo amakula, ndipo kakazi kamasiya kukonda shuga yekha n'kumafunafuna yisiti. Kamuna kamasiyanso fungo lake pa kakazi, loti tamuna tina tikalimva chidwi chimachepa.

Ife m'kalasi timaphunzitsa mahomoni pa bolodi basi, mivi yochoka ku pituitary (kachiwalo kotulutsa mahomoni ka pansi pa ubongo wa munthu) kupita uku ndi uko, ana n'kuloweza. Apa homoni tinaiona ikugwira ntchito ndi maso athu, m'timbale tiwiri toyandikana.

Mayiwo anatikumbutsa kuti nkhaniyi si yakutali. Pyriproxyfen, mankhwala omwe amaikidwa m'maneti ena a udzudzu, amatsanzira juvenile hormone n'kusokoneza mazira a udzudzu waukazi. Ndiponso kwawo kwenikweni kwa tintchentcheti ndi kum'mwera kwa Africa. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya Lund ku Sweden anafotokoza kuti anatipeza m'tchire la Matobo ku Zimbabwe, tikudalira zipatso za mfula.

Tisanabalalike tinagwirizana zokayesa m'masukulu mwathu ndi botolo, nthochi, thonje lotsekera ndi galasi lokulitsira zinthu. Chovuta n'kupeza takazi tosakwereredwa, chifukwa pamafunika kutipatula pasanathe maola 8 titatuluka m'chikwa. Aphunzitsi okhala pafupi ndi sukulu analonjeza kumayang'ana mabotolo m'mawa ndi madzulo, ndipo amene adzayambe kupeza zotsatira adzatumiza kanema pa gulu lathu la WhatsApp.