Mmene ndinaziziritsira graphics card yanga m'chilimwe cha pa Chitakale

Kompyuta yanga ndinaimanga ngati nyumba ya kumudzi, njerwa chaka chino, malata chaka chamawa. Chomaliza kugula chinali graphics card, khadi imene imapanga zithunzi zooneka pa sikirini, GTX 1060 ya 6GB yogwirapo kale ntchito, imene ndinakaitenga ku Limbe mu June. Khadi imeneyi inatuluka mu 2016, ndi nkhalamba ndithu, koma magemu a GTA V ndi mpira imakoka popanda kudandaula. June ndi July yense kuno ku Mulanje kunali chiperoni, phiri lonse litabisala mu nkhungu, ine ndikusewera nditavala juzi, kompyuta ili phee.

Kumapeto kwa September zinthu zinatembenuka. Ndikangoyatsa gemu, mafani ankayamba kulira ngati chigayo, ndipo pakatha mphindi 20 chithunzi chinkayamba kudukiza. Galimoto ili pa liwiro, mwadzidzidzi yaima, kenako yadumpha. Ndinagamuliratu mlandu: wondigulitsa uja wandipusitsa. Makhadi amtundu umenewu ankagwiritsidwa ntchito kwambiri pokumba ndalama za pa intaneti zotchedwa Ethereum, usana ndi usiku osapuma, mpaka mu September 2022 pamene kukumba kotereku kunatha, makhadiwo n'kudzaza msika wa zakale. Ndinati yanganso ndi imodzi mwa zotopazo. Mwayi wake ndalama ya minibasi yokakalipira munthu ku Limbe ndinalibe.

M'malo mwake ndinagula bandulo ya usiku n'kutsitsa MSI Afterburner, pulogalamu yoonera ndi kusinthira mmene khadi ikugwirira ntchito. Ndi yaulere, ndipo imagwira ntchito pa khadi ya kampani iliyonse. Imabwera ndi kanzake kotchedwa RivaTuner, kamene kamaonetsa manambala pakona pa sikirini gemu ili mkati. Ndinasankha zinayi zoti ndiziona: kutentha, liwiro la khadi mu MHz, liwiro la mafani ndi fps, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Musanamasule sikulu ngakhale imodzi, yambani ndi apa, ndipo manambalawo mulembe papepala. Mukapanda kutero simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene changokuonongerani ndalama.

Khadi isanagwire ntchito iliyonse inali pa madigiri 50. Mu gemu inkakwera mofulumira kufika pa 83, n'kumatirira pomwepo. Liwiro lake linkayamba pafupi ndi 1850 MHz kenako n'kutsika mpaka cha m'ma 1500. Nambala ya 83 sinangobwera mwangozi. Ndi malire amene kampani ya Nvidia inaikira makhadi a m'badwo umenewu, oti akafika pamenepo azichepetsa okha liwiro n'cholinga choti asapitirire. Malire enieni a GTX 1060 ndi madigiri 94. Ndiye khadi yanga sinali yakufa. Inkadziletsa yokha, ngati munthu wokwera ku Sapitwa amene waona kuti mtima ukugunda kwambiri n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono.

Ndinayang'ana chipinda changa ndi maso ena. Denga ndi la malata, siling'i mulibe, zenera ndi limodzi. Cha m'ma 2 koloko masana mu October, ngakhale mphaka salowamo. Fani sipanga kuzizira. Imangotenga mpweya umene ulipo n'kuupititsa pa zitsulo zotentha. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10 kuposa mu July, khadi nayonso imakwera pafupifupi ndi 10 omwewo. Pamwamba pa zimenezo, kompyutayo ndinaiika pansi pasimenti, kunsi kwa tebulo, msana wake utagunda khoma. Mpweya wotentha unkatuluka kumbuyo, kugunda khoma, n'kubwerera momwemo.

Ndiye panali nkhani ya kansalu. Amayi ali ndi tinsalu toluka timene amafunditsa chilichonse cha magetsi m'nyumba muno, TV, wailesi, ngakhale filiji. Kompyuta yanga nayo inalandira kake, koyera ka maluwa, kataphimba mabowo onse a pamwamba.

"Amayi, kansalu aka ndikachotse kaye, makinawa akulephera kupuma."

"Iwe, ndiye fumbi lilowe? Zinthu zodula ngati zimenezi?"

Pa za fumbi sanalakwe. Tinagwirizana kuti azifunditsa ikakhala yozima basi. Ndinaikweza patebulo, ndikusiya mpata wa chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera kukhoma.

Loweruka m'mawa ndinaitulutsa pakhonde. Ndinazula waya wa magetsi, n'kudina batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, kenako ndinagwira chitsulo cha kesi ndisanakhudze chilichonse mkati. Pochotsa khadi pamafunika kuzula waya wake wa mapini 6, kumasula sikulu yakumbuyo, ndiponso kudina kaloko kapulasitiki kamene kali kumapeto kwa polowera khadi. Kalokoka ndinakaiwala. Ndinakoka kawiri ndi mphamvu, khadi osatuluka, mpaka mng'ono wanga anaunika ndi tochi ya foni n'kuti, "Achimwene, pali kena kake kakugwira apa." Ndikanakoka kachitatu bwenzi ndikulemba nkhani ina.

Zimene ndinaona kuseri kwa mafani ndinachita nazo manyazi. Pakati pa tizitsulo topyapyala timene timamwaza kutentha panali fumbi lofiirira, lolukana ngati bulangete, loti kulitola ndi zala limachoka lonse pamodzi. Munalinso ukonde wa kangaude ndi mwendo wa mphemvu. Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu wafumbi, njinga zamoto za kabaza zimadutsa tsiku lonse, ndipo miyezi itatu kompyuta ili pansi inali ikupuma zomwezo.

Ndinabwereka bulowa, kamakina kopemerera mphepo, kwa mnzanga wokonza mafoni pamsika, ndi kabulashi kofewa kopentera. Popemerera, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire. Ikazungulira mopitirira liwiro lake imaonongeka mkati n'kuyamba kulira mpaka kalekale. Musauzire ndi pakamwa, malovu amapita nawo. Kutsogolo kwa kesi ndinamatako kachidutswa ka neti ya udzudzu kuti kazisefa fumbi. Neti yake ndi yakale yong'ambika, musakadule yatsopano n'kunena kuti ndakuuzani ine.

Pobwezeretsa zinthu ndinatulukiranso cholakwa china, ndipo ichi chinali changa ndekha. Mpweya umayenera kulowera kutsogolo kwa kesi n'kutulukira kumbuyo. Fani imatulutsira mpweya kumbali imene kuli timitanda togwira mota yake, ndipo zambiri zimakhala ndi kamuvi m'mbali. Nditayatsa n'kuyandikiza kapepala ka tishu ku fani yakumbuyo, m'malo mokankhidwa kanayamwidwa n'kumata. Ndinali nditaimanga chozondoka kuyambira tsiku loyamba. Nditaitembenuza n'kuyesanso nthawi yomweyo ya masana, gemu yomweyo, malo omwewo mumzinda wa Los Santos wa mu GTA V, khadi inaima pa 75. Ndalama imene ndinali nditaononga kufika apa inali ya bandulo basi.

Thermal paste, phesiti yopaka pakati pa chipu ndi chitsulo choziziritsa kuti kutentha kuzidutsa bwino, ndi imene aliyense amathamangira kutchula, ndipo inenso ndinkaiyembekezera ngati mvula yoyamba. Ndinatuma msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Blantyre kuti andigulire kachubu ka phesiti ya Arctic MX-4 ndi kabotolo ka isopropyl, spiriti wopukutira. Spiriti wapepo wa m'magolosale ndinamusiya chifukwa utoto wake umatsalira. Za mankhwala otsukira mano zimene ena amanena pa Facebook musayese n'komwe, amauma m'masiku ochepa.

Kumbuyo kwa khadi kuli masikulu anayi okhala ndi masipuling'i, ozungulira pamene pali chipu. Ndinawamasula pang'onopang'ono mopingasa, iyi theka, ya kutsidya theka, kuti mphamvu isatsamire mbali imodzi. Chitsulo choziziritsa chinakana kuchoka mpaka nditachipotoza pang'ono uku ndi uku. Samalani ndi kawaya ka mafani, ndi kafupi, kamafuna kuzula kaye. Phesiti yakale inali itauma n'kung'aluka ngati matope a padambo mu October. Ndinaipukuta ndi kansalu konyowetsa isopropyl mpaka chipu chinawala ngati galasi. Makhadi ambiri amakhalanso ndi timapadi tofewa pa tchipisi ta memory. Timeneto si dothi, musatichotse, ndipo kakang'ambika pamafunika kena kokhuthala chimodzimodzi. Phesiti yatsopano ndinaika kadontho kochepera njere ya nandolo, n'kukafalitsa ndi kapulasitiki kuti pasatsale ngodya youma, chifukwa chipu cha graphics card chilibe chivindikiro ngati purosesa. Manja ankanjenjemera pomanga masikulu aja, ndikudziwa kuti ndikaphwanya, ina sindigula chaka chino.

Zotsatira zake: madigiri 72. Atatu okha, pa ntchito imene inandiopsa kuposa zonse. Khadi ya zaka zambiri ngati iyi inkafunikadi phesiti yatsopano, koma wina akandifunsa lero ndimamuuza kuti ayambe waitembenuza fani ndi kuchotsa bulangete lija.

Zotsala zinali za mu pulogalamu, ndipo zinatenga mphindi zosakwana 10. Sikirini yanga ndi ya 60Hz, kutanthauza kuti imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi basi. Khadi inkadzipha kupanga 90 kapena 100, zina zonsezo n'kumangotayika ngati kuthira madzi m'ndowa yodzadza kale. Mu RivaTuner ndinaika malire pa 60. Mu Afterburner ndinatsitsa Power Limit, malire a magetsi amene khadi imadya, kufika pa 80 peresenti. Khadi imeneyi inapangidwa kuti izidya mawati 120, ndipo magetsi onse amene imadya amasanduka kutentha, ndiye kuidula chakudya pang'ono ndi kuidulanso thukuta. M'maso sindinaone kusiyana kulikonse. Ndinakonzanso mafani kuti aziyamba kulimbikira msanga, cha pa madigiri 60, m'malo modikira kuti zinthu zifike poipa. Ndinayesako kutsitsa volteji podina Ctrl ndi F, gemu inazima kawiri, ndinabwezera momwe zinalili n'kuzisiya.

Tsopano masana a October, dzuwa likuswa mtengo, khadi imasewera pakati pa 66 ndi 68, liwiro osatsika, ndipo mafani sakumvekanso kuchipinda chochezera. Madzulo mphepo ikayamba kutsika kuphiri imafika pa 62. Neti ija ndimaichotsa kumapeto kwa mwezi uliwonse n'kuikutumula panja, ndipo nthawi zonse imatuluka yofiira. Bulowa ndinabweza mochedwa ndi masiku awiri, mwini wake n'kundilipiritsa magemu atatu a mpira Lamlungu masana. Anandichinya onse atatu, pakona pa sikirini pakuoneka 67.