Kabizinesi kathu ka maseva ndi nkhani ya CentOS

Tinayamba anthu awiri basi, ine ndi mnzanga amene tinkagwirira limodzi ntchito ya ma netiweki. Timasamalira maseva (makompyuta osunga mawebusayiti ndi mafayilo) a makampani ang'onoang'ono, kuika ma update, kutenga backup, kudzuka pakati pa usiku webusayiti ikagwa, zoterozo. Seva iliyonse tinkaika CentOS, mtundu wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Sizobisa, CentOS inali RHEL (Red Hat Enterprise Linux) yomweyo, Linux yolipira ya kampani ya Red Hat, kungoti anachotsa dzina ndi logo, ndiye kasitomala amapeza chinthu cholimba osalipira subscription, ife nkumangodya ya ntchito yathu.

CentOS 8 itatuluka mu 2019 ndinathamangira kusamutsa makasitomala ambiri, ndikumawauza ndi pakamwa pangapa kuti izi zikhala mpaka 2029 musade nkhawa. Mu December 2020 chilengezo cha Red Hat nchimenecho, CentOS 8 isiya kulandira ma update kumapeto kwa 2021, mphamvu zonse zipita ku CentOS Stream yomwe imayenda kutsogolo kwa RHEL osati kumbuyo, zosintha zimayamba kufika kumeneko zisanalowe mu RHEL. Wolakwa ndinali ine ndithu, kulonjeza zaka za chinthu chomwe sindinkalipirako nkamodzi komwe.

Mwamwayi Gregory Kurtzer, mmodzi mwa omwe anayambitsa CentOS, anabwera ndi Rocky Linux, a CloudLinux nawo anatulutsa AlmaLinux mu 2021, zonse ziwiri zaulere zokopera RHEL ngati mmene inalili CentOS. Tinasamutsa seva imodzi imodzi usiku. Tsiku lina cha m'ma 2 koloko script yoyenda bwinobwino inangoima pakati, dnf, pulogalamu yoikira ma update, ikulira zofiira zokhazokha, kenako seva osadzukanso. Ndinatembenuka, "Achimwene, backup munatenga eti?" Iwo duu, kenako "Ine ndimayesa munatenga ndinu." Inalipo ya dzana lake, tinapulumukira pomwepo, koma kunja kunacha tili pa kiyibodi.

Tili mkati mopuma, June 2023, Red Hat inanena kuti source code ya RHEL, zolemba zimene amapangira pulogalamuyo zomwenso okopera amadalira, siziikidwanso poyera pa git.centos.org, poyera pakhala CentOS Stream yokha, ya RHEL yeniyeniyo aziipeza makasitomala olipira. Anthu anakuwa kuti GPL, laisensi ya mapulogalamu ambiri a mu Linux, yaphwanyidwa. Ine mmene ndimaionera, GPL imati source code upereke kwa amene wampatsa pulogalamuyo, sikuti uimwaze kwa dziko lonse, ndipo mainjiniya amene amakonza zibowo za chitetezo aja amalandira malipiro mwezi ukatha, komanso IBM sinagule Red Hat ndi madola 34 biliyoni mu 2019 kuti izingoyang'ana ena akukopera. Koma nawo okwiyawo ndimawamva, zambiri zili mu RHEL zinalembedwa ndi anthu akunja kwa kampaniyo.

Chimene chinatisangalatsa ndi mpikisano umene unabuka. AlmaLinux inasiya zokopera ndendende mpaka ma bug, inati bola pulogalamu yoyenda pa RHEL iziyendanso kwa iwo. Rocky inakakamira, nkumatenga source kudzera mu ma container a UBI (timaphukusi ta RHEL tomwe Red Hat imagawa kwaulere) ndi maseva obwereka pa cloud. SUSE, kampani ina ya Linux, inalonjeza madola oposa 10 miliyoni kuti ipange nthambi yakeyake ya RHEL, ndipo mu August chaka chomwecho SUSE, Oracle ndi CIQ (kampani ya Kurtzer) anapanga bungwe la OpenELA loti source izipezeka poyera.

Ife panopa ndalama zambiri zikuchokera kosamutsa komweko, makamaka CentOS 7 itatha pa 30 June 2024, mafoni sankaduka. Amene pulogalamu yawo ya akaunti imafuna RHEL yeniyeni timawauza mosapsatira kuti alipire basi, enawo AlmaLinux, awiri atatu tinawapititsa ku Debian, Linux ina yosachokera ku RHEL. Mu kontrakiti chaka sitilembanso. Kwatsala kasitomala mmodzi yekha amene akukanabe, seva yake ikadali pa CentOS 7, nthawi zonse amangoti ikuyenda bwino musaikhudze, ndipo Lachisanu likubwerali ndikukakhala nawonso pansi.