Zimene tinakaphunzira ku Zomba tisanayambe kafukufuku wa nkhanza za m'banja

Komiti yathu yoona za chitetezo cha amayi ndi ana inagwirizana kuti tisanayambe kafukufuku wa nkhanza za m'banja ndi zogwiririra m'dera lathu, tikaone kaye anzathu a mudzi wina kufupi ndi nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba, amene ntchito yotereyi anaigwira kale. Tinanyamuka ku Ntcheu mbandakucha tilipo 14, ndipo titadutsa pa Chingeni, Balaka ndi Liwonde tinakafika dzuwa lili paliwombo.

Ine monga mlembi ndinali nditanyamula pepala la mafunso limene tinalikonza, ndipo ndinkalinyadira. Maganizo athu anali oti tiziyenda awiriawiri khomo ndi khomo. Mayi wapampando wa gulu lotilandira analiwerenga mwakachetechete, kenaka anandifunsa kuti, "Amayi, mukamufunsa mayi funso ili bambo a kunyumba ali pakhonde, inu mukachoka atsala ndi ndani?" Ndinasowa choyankha.

Apa m'pamene anatifotokozera mmene iwo anayendetsera ntchito yawo potsatira malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Pakhomo lililonse ankacheza ndi mayi mmodzi yekha, wofunsayo ali mayi mnzake, ndipo m'mudzi kafukufukuyo ankadziwika kuti ndi wa umoyo wa amayi, kuti wina asaganizire kuti mkazi wake wakamunenera. Ankasankha malo oduka mphepo, ndipo munthu akatulukira mwadzidzidzi ankatembenuza pepala n'kuyamba kufunsa za kadyetsedwe ka ana. Dzina silinkalembedwa paliponse. Pomaliza wofunsidwayo ankapatsidwa kapepala kakang'ono koti angathe kukamangirira pansonga ya chitenje, kokhala ndi manambala aulere a 116 ndi 5600, amene amayankhidwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba komweko. Anatitsindikizira kuti si bwino kutsegula bala la munthu usanadziwe koti ukamuperekeze.

Iwo sanalimbane ndi kuwerenga kuchuluka kwa ozunzidwa, popeza kafukufuku wa m'dziko lonse wa ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kale kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Funso lawo linali lakuti mayi akazunzidwa amathamangira kuti, nanga chimamubweza n'chiyani. Anatijambulira pansi mapu a mudzi wawo monga anachitira pa nthawi ya kafukufukuyo: mwala kuimira mjigo, chitsononkho kuimira chigayo, timitengo kuimira njira ya kunkhuni ndi ya kudoko. Pamalo amene atsikana anati amaopa ankathirapo phulusa, ndipo phulusa lambiri linali kudoko, kumene amayi ogula nsomba nthawi zina amakakamizidwa kugonana ndi asodzi kuti apeze katundu nsomba zikasowa.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya ankhoswe. Anapeza kuti mayi amayamba wapita kwa ankhoswe, akalephera amapita kwa amfumu, ndipo kupolisi, ku nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, amafikako zinthu zitafika kale poipa, mwinanso osafikako chifukwa chosowa ndalama ya kabaza. Kwa ankhoswe yankho limakhala lija tonse tinakula tikulimva, lakuti banja ndi kupirira. Pa nkhani ya kugwiririra kuchedwa kumeneku n'koopsa, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku kachilombo ka HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, koma mabanja amatha masiku akukambirana za chindapusa cha mbuzi. Ambiri mwa ofunsidwawo sankadziwanso kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa ngakhale banja lisanathe.

Potengera zimenezi, gululo linayamba kuphunzitsa ankhoswe ndi anamkungwi m'malo mowadzudzula, ndipo amfumu anavomereza pabwalo kuti mlandu wogwiririra kapena wogona ndi mwana sudzaweruzidwanso pamudzi. Ine ndikuona kuti pamenepa anachita mwanzeru, chifukwa ankhoswe sitingawachotse m'mabanja athu ngakhale titafuna.

Sitinagwirizane pa zonse. Bambo wina wa m'gulu lathu anadandaula kuti kafukufukuyo anasiya abambo, pomwe ena amazunzidwa koma amachita manyazi kuulula. Otilandirawo anavomereza kuti mpata umenewo ulipo, koma anachenjeza kuti mwamuna ndi mkazi a nyumba imodzi asafunsidwe onse, poopa kuti wina angazindikire zimene mnzake wafunsidwa.

Tili m'minibasi pobwerera tinagwirizana kuti kafukufuku wathu aimitsidwe kaye mpaka titakumana ndi apolisi, achipatala ndi a zachisamaliro cha anthu kuti tidziwe kotumiza amene adzafune thandizo, komanso kuti tipeze thumba la ndalama za kabaza. Ine anandipatsa ntchito yolembanso mafunso aja, ndipo mzere wa dzina ndaufufuta kale.