Bombadil, Faramir ndi Shire: kumene okonda Tolkien amasiyana ndi mafilimu a Peter Jackson

Papita zaka zoposa 20 chitulukire mafilimu atatu a The Lord of the Rings amene Peter Jackson anajambula kwawo ku New Zealand, komabe mkangano wa anthu okonda nkhaniyi sunazizire mpaka lero. Mafilimuwa anatuluka motsatizana mwezi wa Disembala m'zaka za 2001, 2002 ndi 2003, ndipo onse pamodzi anapata mphoto 17 za Oscar, zimene 11 mwa izo zinapita kwa filimu yomaliza yokha, The Return of the King. Munthu angaganize kuti ulemu woterewu ukanatseka pakamwa aliyense, koma anthu amene anakulira m'mabuku a J.R.R. Tolkien sachita nazo chidwi mphoto. Iwo amafunsa za Tom Bombadil, za Faramir, ndi za Shire, dziko la tianthu tatifupi totchedwa ma Hobbit, limene m'filimu nkhondo sinalikhudze n'komwe. Ine ndili m'gulu la anthu ambiri amene anayamba ndi kuonera kenako n'kuwerenga, ndipo maganizo anga ndi akuti okangana ambiri amathera mphamvu pa zimene zinadulidwa, pomwe nkhani yeniyeni yagona pa zimene zinasinthidwa mumtima mwa anthu a m'nkhaniyi.

Kukayikira anthu opanga mafilimu kunayamba ndi Tolkien mwiniwake. Mu 1958, patangopita zaka zochepa kampani ya George Allen & Unwin itasindikiza bukuli m'zigawo zitatu mu 1954 ndi 1955, iye analandira dongosolo la filimu lolembedwa ndi Morton Grady Zimmerman, ndipo anayankha ndi kalata yaitali yodzudzula mfundo imodzi ndi imodzi, akudandaula kuti wolembayo anakokomeza nkhondo ndi matsenga n'kunyalanyaza phata la nkhani. Ngakhale zinali choncho, mu 1969 anagulitsa ufulu wopanga filimu kwa kampani ya United Artists, ndipo mu 1978, iye atamwalira kale, Ralph Bakshi anatulutsa filimu ya makatuni imene inathera panjira, nkhani isanafike kumapeto. Mwana wake, Christopher Tolkien, amene anathera moyo wake wonse akusanja zolemba za bambo ake, anauza nyuzipepala ya ku France ya Le Monde mu 2012 kuti mafilimu a Jackson anachotsa matumbo a bukuli n'kulisandutsa filimu ya ndewu yosangalatsa achinyamata a zaka 15 mpaka 25. Otsutsa mafilimuwa amawagwira mawu amenewa ngati chigamulo chomaliza, koma ine ndimaona kuti ndi olemera mopitirira muyezo, ngakhale kuti muli choonadi chimene sindingachizembe.

Dandaulo lotchuka kwambiri ndi la Tom Bombadil, munthu wodabwitsa wovala nsapato zachikasu amene amayenda akuimba m'nkhalango yakale, n'kupulumutsa ma Hobbit kawiri ulendo wawo utangoyamba. M'buku, iye amavala mphete yamphamvu ya mdani wamkulu Sauron, imene imazimiriritsa woivala, koma sazimiririka, amaiseweretsa n'kuibweza ngati kanthu kopanda ntchito kwa Frodo, Hobbit amene pambuyo pake amasenza udindo wokaiwononga. Jackson pamodzi ndi anzake olemba, Fran Walsh ndi Philippa Boyens, anamusiya kunja chifukwa mitu imeneyo siisuntha ulendo wa mphete kupita patsogolo, ndipo pamenepa ndimagwirizana nawo popanda kujejema. Chimodzimodzinso zaka 17 zimene zimapita m'buku kuchokera pa phwando la Bilbo, amene anamusiyira Frodo mpheteyo, kufikira pamene Frodo akunyamuka ali ndi zaka 50, zimene filimu inazifinya kukhala ngati miyezi yowerengeka, komanso kuika Arwen m'malo mwa Glorfindel pothawitsa Frodo wovulala kupita ku Rivendell. Izi ndi zimene aliyense wofuna kulowetsa masamba oposa 1,000 m'maola ochepa ayenera kuchita, ndipo nkhaniyo imatsala ili chiimire.

Faramir ndi nkhani ina. M'buku lachiwiri, mkulu wa asilikali wa ku Gondor ameneyu amagwira Frodo ndi mnzake wa paulendo Sam m'dera la Ithilien, ndipo Sam, chifukwa cha kutayirira pakamwa, amaulula kuti chimene Boromir, mkulu wake wa Faramir, anafuna kulanda chinali mphete ya mdani. Apa ndiye kuti Faramir ali ndi asilikali ake, ma Hobbit awiri otopa ali m'manja mwake, mzinda wa kwawo uli pafupi kugwa, ndipo bambo ake Denethor, wolamulira Gondor, akanasangalala naye koyamba m'moyo akanawabweretsera chida chimenecho. Iye amaimirira, amalankhula mawu ochititsa mantha kwa kanthawi, kenako amakhala pansi n'kuseka, popeza anali atanena kale kuti ngakhale akanachipeza chinthucho chitagwa m'mbali mwa msewu sakanachitola. M'mawa mwake amawapatsa chakudya ndi ndodo zoyendera n'kuwalola kupitiriza ulendo. Tolkien analemba m'kalata ina kuti ngati pali munthu m'nkhaniyi amene amafanana naye, ndi Faramir. M'filimu, Faramir yemweyu amalengeza kuti mphete ipita ku Gondor, amalola asilikali ake kumenya Gollum, cholengedwa chimene chinasungapo mpheteyo kale ndipo tsopano chikulondolera Frodo njira, amakokera ma Hobbit ku mzinda wa Osgiliath, ndipo amangowamasula ataona ndi maso ake mmene mphete ikumuzunguzira mutu Frodo.

Olemba filimuyi anafotokoza zifukwa zawo poyera, ndipo si zifukwa zopusa. Iwo anati atatha maola ambiri akusonyeza kuti mphete imawononga aliyense woiyandikira, kubweretsa munthu amene akuikana mosavuta kukanaichotsera mphamvu yonse pamaso pa oonera. Anafunikanso chopinga china cha Frodo ndi Sam kumapeto kwa filimu yachiwiri, chifukwa kangaude Shelob anamusunthira ku filimu yachitatu. Oikira kumbuyo mafilimu amawonjezera kuti m'filimu yotalikitsidwa muli chigawo chosonyeza Denethor akunyoza Faramir pamaso pa mkulu wake Boromir, chimene chimathandiza woonera kumvetsa chifukwa chake mwana wonyozekayu akulakalaka kusangalatsa bambo ake. Zonsezi ndimazimva, koma sizindikhutiritsa, chifukwa Tolkien sanalembe kuti Faramir sanaimve mphamvu ya mphete. Analemba munthu amene anaizindikira, n'kudziwa kuti ayenera kuithawa isanamugwire, ndipo nzeru ya mtundu umenewu ndi imene nkhani yonse ikuyamikira kuyambira kwa Gandalf mpaka kwa Galadriel, anzeru awiri amene anakana mpheteyo Frodo atafuna kuwapatsa. Pamene Bombadil wachotsedwa kale, kusinthanso Faramir kumasiya filimu yopanda munthu wamba ngakhale mmodzi wosonyeza kuti n'zotheka kukana ulamuliro usanakulawitse kukoma kwake.

Mukayamba kuyang'ana ndi diso limeneli, mumaona kuti chizolowezichi chafalikira m'mafilimu onse atatu, moti zikuoneka ngati olemba ake sankakhulupirira kuti munthu wokhazikika mtima angasangalatse oonera. Aragorn wa m'buku wakhala zaka zambiri akukonzekera kudzatenga ufumu wa makolo ake, ndipo amanyamuka ku Rivendell lupanga la Andúril litasulidwanso kale, koma wa m'filimu amathawa udindowo mpaka filimu yachitatu. Ma Ent a m'buku, zimphona zooneka ngati mitengo, atakambirana masiku atatu, amagwirizana okha kupita kukamenyana ndi Saruman, wamatsenga amene anatembenukira ku zoipa, ngakhale akudziwa kuti mwina akupita kukafa, pomwe a m'filimu amakana, ndipo zimatengera nzeru za Pippin, mmodzi wa ma Hobbit, kuti mtsogoleri wawo Treebeard akaone mitengo yodulidwa m'nkhalango imene iye mwini ndi m'busa wake. Aliyense ayenera kuyamba wagwedezeka kaye kuti kenako asinthe maganizo nyimbo zikukwera.

Kusintha kumene kumandiwawa kwambiri kuli pa makwerero a Cirith Ungol. M'buku, Gollum akubwerera kuchokera kokapangana ndi Shelob n'kupeza Frodo akugona, mutu uli pa miyendo ya Sam. Amawayang'ana kwa nthawi yaitali, kuwala koipa kwa m'maso mwake kumazima, ndipo amatambasula dzanja lonjenjemera n'kukhudza bondo la Frodo ngati akumusisita, akuoneka ngati nkhalamba yotopa imene yakhala ndi moyo kupitirira abale ake onse. Sam amadzidzimuka n'kumukalipira, ndipo mpata womaliza wa kulapa kwa Gollum umatha pomwepo. Tolkien anati kwa iye pamenepa ndi pamene panali pomvetsa chisoni kwambiri m'nkhani yonse. Jackson anaika china m'malo mwake: Gollum amataya mkate wa paulendo, amawaza nyenyeswa pa zovala za Sam, ndipo Frodo amakhulupirira bodzalo n'kumuuza Sam kuti abwerere kwawo. Anthu ena amati chigawochi chimasonyeza bwino mmene mphete inamudyera Frodo, ndipo ndi zoona kuti Sean Astin, amene anasewera Sam, amalira mokhudza mtima, koma chimasandutsa Gollum kukhala kathyali wamba, n'kumuchotsera Sam cholakwa chokhacho chachikulu chimene chimamuchititsa kukhala munthu weniweni.

Sindikufuna kuti zimveke ngati mafilimuwa ndi olephera, chifukwa pali malo amene anaposa buku. Boromir wa Sean Bean ali ndi chikondi ndi mantha zimene pa tsamba zimangooneka patalipatali, ndipo kuika imfa yake kumapeto kwa filimu yoyamba, m'malo mwa kumayambiriro kwa gawo lachiwiri monga zilili m'buku, kunali nzeru yaikulu. Chigawo chimene Gollum akutsutsana yekha usiku, kamera ikusinthasintha mbali ngati pali anthu awiri, chinasonyeza kuti luso la Andy Serkis, amene anasewera Gollum, pamodzi ndi akatswiri a kompyuta a ku kampani ya Weta lingathe kubala nkhope yochititsa chifundo. Nyimbo za Howard Shore, komanso maonekedwe a mizinda ndi nyumba amene anachokera m'manja mwa Alan Lee ndi John Howe, amene anali atadziwika kale pojambula zithunzi za dziko la Tolkien, ndi zinthu zimene ngakhale otsutsa ouma mtima amavomereza. Zina zimene anthu amadandaula nazo, monga ma Elf kubwera ku nkhondo ya Helm's Deep, Gimli kusandutsidwa wanthabwala, kapena gulu la akufa kusesa adani onse pa chigwa cha Pelennor m'kanthawi kochepa, ndimaziona ngati zipsera zazing'ono. Denethor yekha, amene m'buku ndi mtsogoleri wanzeru wosweka mtima chifukwa cholimbana ndi Sauron kudzera mu mwala woonera kutali, sanayenere kusanduka wamisala wotafuna tomato madzi akuyenderera pachibwano.

Kudula kumodzi kokha ndi kumene ndimakuika pa mlingo wofanana ndi kusintha kwa Faramir, ndipo ndi mutu wa pafupi ndi mapeto umene ukusimba za kuyeretsa Shire. Ma Hobbit anayi akubwerera kwawo n'kupeza zipata zotseka, malamulo atapachikidwa pa makoma, zokolola zikulandidwa ndi anthu onamizira kuti akukazigawa mofanana, mitengo itagwetsedwa kuphatikizapo mtengo waukulu wa paphwando la Bilbo, ndipo pamalo pa chigayo chakale pali chinyumba cha njerwa chotulutsa utsi n'kumaipitsa mtsinje. Wochititsa zonsezi ndi Saruman, amene tsopano akutchedwa Sharkey. Palibe Gandalf kapena Aragorn wowathandiza, choncho amadzutsa anthu a kwawo n'kumenya nkhondo ya ku Bywater, imene inapha ma Hobbit 19. Saruman atagwidwa amayesa kubaya Frodo, mpeni n'kuthyoka pa malaya achitsulo a mkati, koma Frodo amaletsa anzake kumupha, ndipo pamapeto pake amene amamupha ndi kapolo wake yemwe, Wormtongue. Tolkien, amene anamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916 ndiponso anaona midzi ya ubwana wake pafupi ndi Birmingham ikumezedwa ndi mzinda, analemba m'mawu oyamba a kusindikiza kwachiwiri kuti mutuwu ndi gawo lofunika la nkhani limene analiganizira kuyambira pachiyambi.

Oikira kumbuyo Jackson ali ndi yankho lamphamvu pano. Filimu yachitatu ndi yopitirira kale maola 3, anthu ambiri anadandaula kuti ili ndi mathero ochuluka, ndipo kuyambitsa nkhondo ina mphete itasungunuka kale kukanatopetsa oonera. Amaloza chigawo chimene anayiwo akhala phee m'nyumba yomwera mowa ya Green Dragon, akuyang'anana osanena kanthu, pomwe anthu ena akusirira dzungu lalikulu osadziwa n'komwe kuti dziko linatsala pang'ono kutha. Iwo amati umu ndi mmene asilikali ambiri amabwererera kwawo, ndipo ndikuvomereza kuti chigawochi n'chabwino kwambiri. Komabe chikunena zosiyana ndi zimene Tolkien ananena. Kwa Jackson, kwanu kumatsala kotetezeka ndipo wosintha ndiwe wekha, pomwe kwa Tolkien choipa chimene unapita kukalimbana nacho kutali chimafika pakhomo pako iwe kulibe, chikuthandizidwa ndi ena mwa abale ako omwe, monga Lotho Sackville-Baggins amene anayamba ndi kugula minda ndi chigayo asanamezedwe ndi anthu amene anawaitana yekha.

Kuchotsa mutuwu kunasiyanso Saruman wopanda mathero. Jackson anajambula imfa yake ikuchitikira ku Isengard, Wormtongue akumubaya pamwamba pa nsanja ya Orthanc, koma pomaliza anachidula chigawocho m'filimu imene inaonetsedwa m'nyumba za kanema mu 2003, ndipo chinangooneka m'filimu yotalikitsidwa ya pa DVD chaka chotsatira. Christopher Lee, amene anasewera Saruman, anakhumudwa nazo kwambiri ndipo sanabise. Pa onse amene anasewera m'mafilimuwa, iye yekha ndi amene anakumanapo ndi Tolkien maso ndi maso, m'nyumba ina yomwera mowa ku Oxford, ndipo ankawerenga bukuli chaka ndi chaka.