Shopu yathu yokonza magitala ku Ulongue

Shopu yathu ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa msika wa ku Ulongue, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Timakonza magitala, timagulitsa nsambo, ndipo matabwa abwino akapezeka timakhoma mabanjo. Tilipo atatu: ine, mayi a kunyumba amene amasunga ndalama ndi buku la ngongole, ndiponso mwana wa mchemwali wanga amene ndi katswiri pa za magetsi.

Ntchito yanga yeniyeni ndi ukalipentala. Ndinaphunzirira ku Dedza, kumene banja lathu linathawira nthawi ya nkhondo, ndipo tinabwerera kwathu mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pa katundu wochepa amene tinabwera naye panali gitala ya amalume, ya mtundu wa Gallotone, imene anagula ku Joni akugwira ntchito ya m'migodi pa Wenela. Magitala ambiri akale a kuno anabwera choncho, pa msana wa anthu ochokera ku migodi ndi ku mafamu a ku Rhodesia. Ya amalumeyo inamatuka kumbuyo, ine n'kuimata. Wa kwaya wina ataona anabweretsa yake, kenako mbiri inayenda m'mipingo mpaka ku Domue ndi ku Tsangano. Zitseko ndi mipando zinayamba kuchepa pa benchi yanga, magitala n'kumachuluka.

Munthu akafika ndi gitala, ndisanayang'ane pamene pathyoka ndimayamba ndafunsa kuti, "Mukufuna izikaimba nyimbo yanji?" Ena amadabwa, amaganiza kuti ndikungocheza. Komatu yankho lakelo ndi limene limandiuza nsambo zoti ndiike, kutalika kwake kuchokera pa khosi la gitala, ngakhale guluu woti ndigwiritse ntchito. Wa kwaya amakwapula nsambo zonse pamodzi ndi mphamvu kuti mawu amveke mpaka ku benchi yomaliza, ndiye nsambo zake zimafuna kukwerako pang'ono, apo ayi zizingolira pa zitsulo za pa khosi. Mnyamata wa sungura, nyimbo zothamanga za ku Zimbabwe, zala zake zimathamangira kumunsi kwa khosi, iyeyo amafuna nsambo zopyapyala zogona pafupi kwambiri. Mukawasinthanitsira, onse awiri adzanena kuti mmisiri wawononga gitala.

Vuto limene timakumana nalo kawirikawiri limachokera ku mbiri ya gitalayo. Mipingo yambiri kuno ili ndi magitala amene anabwera ndi ansembe kapena masisitere kuchokera ku Ulaya, aja a khosi lotambalala. Amenewo ndi ana a gitala ya ku Spain, imene maonekedwe ake anakhazikitsidwa ndi Antonio de Torres, mmisiri wa ku Almería amene anabadwa mu 1817 n'kumwalira mu 1892. Iye anakulitsa mimba ya gitala, napepuza thabwa la pamwamba, n'kulichirikiza mkati ndi timitengo topyapyala toyalidwa motambasuka. Nsambo za nthawi imeneyo zinali za matumbo a nkhosa, ndipo za nayiloni zinalowa m'malo mwake cha m'ma 1940. Gitala ya nsambo zachitsulo ndi mtundu wina, unakulira ku America, kumene kampani ya Martin, yoyamba mu 1833, inatchukitsa kuika mitengo iwiri yopingasana mkati mwa thabwa la pamwamba. Kupingasako n'kumene kumapirira chitsulo.

Tsono nsambo ya nayiloni ikaduka kumudzi, munthu amagula zimene wazipeza pa msika, ndipo zimene zimapezeka ndi zachitsulo. Nsambo zisanu ndi imodzi za nayiloni zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 40, pamene zachitsulo zimafika 70. Kuli ngati kusenzetsa mwana thumba la chimanga la munthu wamkulu. Miyezi yoyamba gitala imalira mokweza, a kwaya n'kumasangalala. Kenako thabwa limatupa, kathabwa komangapo nsambo kamayamba kuzuka, khosi n'kupindika. Ikafika kwa ife ntchito yake ndi yaikulu: kuzula kathabwako ndi mpeni wotenthetsa, kupala guluu wakale yense mpaka thabwa lioneke loyera, kumata, n'kupanikiza usiku wonse. Guluu wa tinthu tating'ono uja wouma msanga, amene anthu amathira okha asanabwere, ndiye mdani wathu wamkulu, chifukwa amalowerera m'thabwa ndipo winayo sagwiranso.

Anyamata a mabandi amachokera kutali, ena ku Zóbue, ena ku Moatize. Chigawo chathu cha Tete chagona pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndiye makutu athu anakula ndi wailesi za mbali zonse. Koma pa gitala ya magetsi, Zimbabwe ndi imene inatilanda mtima. Mnyamata akangolumikiza gitala yake kuti ayese ngati takonza bwino, kawirikawiri chotuluka ndi Chitekete ya Leonard Dembo, ngakhale kuti mwini wakeyo anamwalira mu 1996 mnyamatayo asanabadwe. Ndinafunsapo mmodzi chifukwa chake, anati ndi nyimbo imene bambo ake ankavina pa ukwati uliwonse mpaka kuvula jekete. Wina anati amaimba chifukwa ukaitha imeneyo palibenso amene angakukayikire pa bandi. Magitala awo ambiri ndi otsanzira Stratocaster ya Fender, imene inatuluka mu 1954, ndipo matenda ake ndi fumbi ndi mawaya omasuka mkati. Apa ine ndimapatuka, mwana wa mchemwali wanga ndiye amawotcherera. Amati, "Amalume, inu zanu ndi za utuchi."

Nyengo nayo imatipatsa ntchito. Kuno ku mapiri kumazizira, mu Juni mpaka zala kuuma, pamene mu mzinda wa Tete m'mbali mwa Zambezi kumatentha kodetsa nkhawa. Gitala ikatsika ndi chapa, minibasi ya kuno, mu Okutobala, itakhala pa dzuwa ulendo wonse, guluu amafewa ndipo thabwa limang'aluka motsata mzere wake. Timawauza kuti azimasulako nsambo akamanyamuka ndiponso asamaipachike pafupi ndi malata. Ena amamva.

Pali ntchito ina imene sindinalembetse m'buku la ndalama. Mayi wina wachikulire wa cha ku Domue anabwera ndi gitala ya malemu amuna awo itakulungidwa m'chitenje, akufuna kuti mdzukulu wawo aziphunzirirapo. Nditawafunsa funso langa lija anati, "Bambo, dzina lake sindilidziwa, anaipeka okha." Ndiye anaing'ung'udza pang'ono. Ndinayang'ana pa khosi la gitalayo: pa zitsulo zitatu zoyambirira panali timaenje tosalala pamene zala zinkakhala, kwinako konse kunali kwatsopano ngati sikunakhudzidwepo. Ndinaika zala zanga m'timaenjemo motsatana, ndipo mawu amene anatuluka anagwirizana ndi zimene mayiwo ankang'ung'udza. Mwa ntchito yake ndinayenera kupala khosilo kuti lisalale. Iwo anakana, ine ndinangosintha zitsulo zitatuzo, thabwa ndinalisiya. Chiyambire pamenepo sindipala kapena kupaka vanishi gitala yakale mwini wake asanalole, chifukwa ena amalipira kuti iwale, ena angakuimbe mlandu ukafufuta zala za bambo awo.

Amene amandisangalatsa kwambiri ndi ana a mabanjo a zigubu. Amatenga chitini cha mafuta ophikira, mtengo wa khosi, ndi mawaya a mabuleki a njinga, n'kubwera kudzafunsa chifukwa chake nyimbo ikusokonekera akamakwera. Pafupifupi nthawi zonse vuto ndi malo a zitsulo za pa khosi, amaziika motalikirana mofanana. Lamulo lake ndi lakuti chitsulo cha nambala 12 chikhale pakati penipeni pa nsambo. Ngati nsambo ndi ya mamilimita 650, chimakhala pa 325, ndipo mipata imanka nichepa ukamayandikira ku mimba. Ndinawadulira kandodo koyezera kamene kamakhala pa msomali pakhomo, aliyense amadzajambula ulere. Sindiwapeputsa ana amenewa. Dilon Djindji, mmodzi mwa akuluakulu a nyimbo za marrabenta kumwera kwa dziko lathu, anayambira pa gitala ya chitini yokhoma yekha, ndipo Allan Namoko wa ku Thyolo anagwedeza Malawi yense ndi banjo. Torres yemwe uja mu 1862 anapanga gitala ya m'mbali ndi kumbuyo kwa chikatoni, pofuna kuonetsa kuti mawu amachokera pa thabwa la pamwamba, ndipo gitala imeneyo ikusungidwa ku Barcelona mpaka lero. Ndiye chitini si chamanyazi.

Kumbali ya ndalama, bizinesi ino imayenda ndi munda. Anthu akagulitsa mbatatesi, fodya ndi chimanga, magitala amatuluka pansi pa bedi. Khirisimasi ndi Pasaka zikamayandikira makwaya amatipanikiza, aliyense akufuna yake mawa. Januwale ndi Febuluwale kumakhala zii, ndimabwerera ku zitseko. Nsambo timakagula ku Lilongwe kudzera pa chipata cha Calomue chifukwa n'kufupi kusiyana ndi ku Tete, koma mitengo yake imavina ndi kwacha. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinasangalala kuti metical yathu igula zambiri, koma eni mashopu sanachedwe kukweza. Makwaya amakonda kulipira pang'onopang'ono pa M-Pesa, ndipo mayi a kunyumba anaika lamulo lakuti gitala situluka theka lisanaperekedwe, ngakhale atabwera ndi abusa amene.

Kiyibodi yatilanda makasitomala, zimenezo sindingabise. Mipingo ya m'tauni ikuona kuti munthu mmodzi ndi kiyibodi akulowa m'malo mwa bandi yonse. Ine ndimaona kuti nyimbo zake zimafanana kwambiri, koma mwina ndikulankhula ngati wogulitsa nsambo. Kumidzi kumene magetsi sanafike, ndiponso pa maliro usiku, gitala ikadali pa ntchito.

Chimene tikulimbana nacho panopa ndi kukhoma gitala yathuyathu kuyambira pachiyambi. Mbawa ikuchita bwino pa khosi ndi kumbuyo, mlombwa ukukongola m'mbali ngakhale umavuta kupinda, umafuna kunyowetsa ndi kutenthetsa pa chipaipi moleza mtima. Chatsala ndi thabwa la pamwamba. Paini wa kuno ali ndi mfundo zambiri ndipo amauma mopindika, ndiye tikuyesa mkungudza wochokera pa chitseko chakale chimene tinagula kwa munthu amene ankagumula nyumba. Yoyamba ili pa benchi, ndipo kwaya ina ya ku Tsangano yanena kale kuti ikamveka bwino idzaitenga ikagulitsa mbatatesi.