Makina oziziritsa mpweya ayambe ayesedwa

Lero masana amisiri amaliza kuyesa makina oziziritsa mpweya m'nyumba yatsopano ya maofesi athu kuno ku Zomba, ndipo ndaona ndi maso anga chifukwa chake ntchito imeneyi siyenera kuchitidwa mothamanga. Asanatsegulire gasi woziziritsa, anayamba apopera mpweya wa nayitrojeni m'mapaipi a kopa n'kumayang'anitsitsa geji yoyezera pulesha, chifukwa pulesha ikamatsika ndiye kuti pena pake pali pobooka. Atathira madzi m'paipi yotayira madzi otuluka m'makinawo, m'chipinda chimodzi madziwo anabwerera n'kunyowetsa siling'i, vuto limene likanaoneka anthu atalowamo kale.

Anzanga ena akudandaula kuti amisiriwa atichedwetsa kusamuka, makamaka ndi kutentha kwa Okutobala kuno, koma ine ndikuti mwini nyumba asamasainire kuti walandira ntchito asanaone zotsatira za chipinda chilichonse zitalembedwa papepala.